Tsiku Limene Kalabu Inakankha Mkwatibwi

Kalabu yathu ya madalaivala inayambira pansi pa mtengo wa mapichesi ku Brakpan, mafoni a m'manja asanafale. Tinali amuna a ku Malawi okhaokha, aliyense ndi chiphapha chake cha galimoto chogula kwa abwana. Masiku amenewo galimoto ikakufera pamsewu wa ku Joni, woyamba kuima ankakhala wapolisi wofunsa mapepala, apo ayi tsotsi. Ndiye tinapangana kuti aliyense amange kansalu kobiriwira pagalasi, ndipo ukaona kansaluko m'mbali mwa msewu uime, kaya ukuthamangira kuti. Lamulo linali lapakamwa, poti enafe sukulu tinadzayamba imvi zitamera kale.

Linatithandiza zaka zambiri. Tinkabwerekana majeke, mabatire, petulo wa m'chigubu. Koma pa ukwati wa mwana wanga wamkazi linatipusitsa.

Mwanayu anakulira kumudzi ine kulibe, kuno anabwera ali wamkulu kale. Choncho ndinakana galimoto yahayala. Ndinati kutchalitchi ku Benoni ndimuperekeza ndekha, pa yanga. Abusa anali atachenjeza kuti tikachedwa adalitsa ukwati wina umene unali pambuyo pathu, wathu udikire sabata ina.

Tchalitchi chikuonekera patali, injini inatsokomola n'kuzima. Mdipiti wonse wa magalimoto unali wa anthu a kalabu, ndipo onse anaima. Onse! Palibe anaganiza zotenga mkwatibwi, pakuti lamulo linkanena za galimoto. Mitu inadzaza m'boneti.

"Ndi batire ili," anatero mkulu wina wolondera kufakitale.

"Batire lake liti, achimwene? Inu mumangodziwa la m'tochi," anayankha mnzathu womanga nyumba, n'kutembenukira kwa ine. "Petulo munathiramo koma madala, kapena mumayendera pemphero?"

Azakhali a mkwatibwi anatulutsa mutu pawindo. "Abambo inu, ikukwatiwa ndi injiniyo kodi? Mwana akwere ina!"

Ankanena zoona. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo, manja ali bii ndi girizi, ndikulephera kumuyang'ana mwana wanga kumaso.

"Tsika mwanawe, usachedwe chifukwa cha ine."

Sanasunthe. Anangokonza velo yake.

"Ababa, khalani pachiwongolero. Manja ali nawo awa, akankhe."

Anakankhadi, amuna amasuti ndi nsapato zoterera, akuimba nyimbo ya ukwati ali wefuwefu. Amateksi ankatiimbira mahutala, amayi ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu akululutira. Womanga nyumba uja ankakuwa kuti ndichotse phazi pabuleki, pomwe sindinapondepo n'komwe.

Pachipata ndinaima mwaulemu ngati galimoto yabwera yokha. Abusa anayang'ana wotchi, kenako akuluakulu ali thukuta kamukamu, nati, "Lowani musanandikomokere pano."

Ndinatsika n'kumugwira mkono mwana wanga. Zala zanga zinadinda diresi loyera lija. Iye anaona, osapukuta, ndipo tinalowa.