Chaka Chimene Atate Anayamba Kudulidwa Msonkho

Ndimakumbukira emvulopu ya khaki imene atate ankaiika pamwamba pa kabati, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Chawama, mu Lusaka. Inkanunkha guluu wa matabwa, ngati manja awo.

Zaka zonse atate ankapala matabwa m'mbali mwa msewu. Chaka chimenecho, mvula ya Novembala itangoyamba, analembedwa ntchito pa kampani yopanga mipando. Anawapatsa ovolosi yatsopano ndi fomu. Kalaliki wa pakampanipo anati fomuyo ibwerere chaka chisanathe, italembedwa nambala yawo ya msonkho, apo ayi malo awo apatsa wina.

Masabata atatu anadutsa osaikhudza. Ine ndinkayesa akuopa kudulidwa malipiro. Lero ndikudziwa kuti ankaopa kutulutsa reji, chitupa chawo cha unzika, pamaso pa anthu a boma. Anabadwira mu Lusaka momwemu, koma agogo anachokera ku Mangochi, ndipo m'komboni ankatitchabe a ku Malawi.

"Siyani vinthu va boma, mulamu," ankatero amalume. "Bazakufunsani mudzi na mfumu."

Amai anayankha kamodzi kokha, osakweza mawu: "Nanga bana bazadya mantha?"

Mawa lake atate ananditenga, poti sukulu inali itatsekera. Madzi a mvula anali atadzaza njira mpaka m'mawondo mwanga. Atate anavula nsapato, nkuziika mu pulasitiki pamodzi ndi mapepala, nkundibereka mpaka pa siteshoni ya minibasi. Ku ofesi ya msonkho tinaima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. 

Mayi wa pawindo anayang'ana reji, anagogoda pa kompyuta, nkufunsa nambala ya foni basi. Pepala la nambala yawo ya msonkho linatuluka likadali lofunda. Atate anaimabe pomwepo kudikira funso lina, mpaka wakumbuyo anawakoka malaya.

Malipiro oyamba anabwera atadulidwa, ndipo amai anadandaula. Koma Lachisanu lotsatira, potuluka mu mzikiti, atate anatambasula kapepala ka malipiroko nkumaonetsa anzawo mmodzimmodzi, chala chili pa mzere wa msonkho pansi pa dzina lawo.

Ine ndinachita manyazi, ndinabisala kuseri kwa mpanda. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinkamvetsa chimene munthu wamkulu anganyadire ndalama zimene amulanda.