Masentimita Khumi ndi Awiri a Assou

Assou anayamba kuyeza kuya kwa chipale chofewa chimene chimagwa paphiri ili mwana wake woyamba asanamere mano. Lero mwanayo ali ndi banja lake ku Marrakech. M'mawa uliwonse wa nyengo yozizira Assou amakwera bulu kuchokera kumudzi, n'kukazika ndodo ya manambala pakati pa mtsetse umene alendo amatsetserekapo atavala matabwa kumapazi. Nambalayo amakaisiya ku ofesi, aofesi n'kuiulutsa. Madalaivala a mumzinda safunsa zambiri. Amangoti, "Assou wati zingati?" basi, n'kudzaza mabasi kapena kuwasiya.

Chaka chino Januwale anadutsa phiri lili miyala yokhayokha. Febuluwale anangowaza pang'ono ngati mchere. Ndiye mu Malichi, mitengo ya zipatso itachita kale maluwa kuchigwa, chipale chinagwa Lachinayi tsiku lonse.

Lachisanu Assou anazika ndodo. Masentimita khumi ndi awiri. Atafumbata chipalecho, madzi anatsika m'zala. Mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kum'mwera, yofunda ngati mpweya wa ng'ombe.

Mu ofesi anapeza Si Mbarek, woyang'anira malowo, akuthira tiyi.

"Khumi ndi awiri? A Assou, mwayezera pati, pamsana pa bulu wanu? Pitani kuseri kwa khoma la hotela kumene mphepo yaunjika. Chikufika m'mawondo."

"Alendo satsetsereka kuseri kwa khoma, bwana."

"Foni yanga ikuti mawa kugwa china."

"Foniyo inakhalako liti kuphiri kuno? Tulukani mumve mphepo. Mawa masana kuli matope."

"Obwereketsa matabwa akhala miyezi itatu akuodzera padzuwa, mng'ono wanu Idder ali momwemo. Nenani makumi anayi, anthu abwere."

"Ndanena khumi ndi awiri."

Panja Idder anali atayala kale matabwa ake onse, akuwapukuta uku akuimba. Assou anamudutsa osam'yang'ana.

Loweruka mabasi anafika asanu ndi anayi. Ana anatsika atavala zipewa zatsopano, n'kuponda m'matope ofiira. Chipale chinali chitatsala timizere m'mithunzi ya miyala, madzi akuyenda mumsewu ngati mfuleni. Mayi wina anakhala pamwala, mwana wake akulira uku akumukoka mkono.

Bihi, dalaivala wa ndevu zoyera, anam'peza Assou akumwetsa bulu.

"Achimwene, mwakalamba maso kapena mwayamba kuyeza ndi supuni? Makumi anayi ali kuti?"

"Ine ndinati khumi ndi awiri."

"Analengeza makumi anayi, ndi dzina lanu pamwamba. Zaka zonsezi sindinafunsepo munthu wina. Lero amayi awa akunditukwana ine."

Assou anayang'ana ku ofesi. Chitseko chinali chokhoma, galimoto ya Si Mbarek palibe. Anapisa m'thumba, natulutsa kapepala, nalembapo nambala ya foni yake.

"Nyengo ikubwerayi muziimbira ine, m'bandakucha. Za ku ofesi zisiyeni."

Bihi anakayang'ana kapepalako.

"Ndiye ndidzadziwa bwanji kuti inunso simunauzidwe chonena?"

Anakapinda n'kukaponya kutsogolo kwa basi, pakati pa matikiti akale. Kenaka analiza hutala kuitana anthu ake. Nthawi inali isanakwane n'komwe ya chakudya chamasana.