Chaka chimene ndinkasaka mkazi mnzanga m'munda wa thonje

Amuna anga ndi munthu waphokoso. Tikakwera minibasi pa Golomoti, pofika pa Mtakataka amakhala atadziwana ndi aliyense, ngakhale dalaivala akuyankhira nkhani zawo. Ndiye chaka chimene anasiya kulankhula, mudzi wonse unadziwa.

Chaka chimenecho tinakulitsa munda wa thonje, mbozi nazo zinabwera ngati taziitana. Iwo ankapopera mankhwala pafupipafupi, munda wathu ndi ya anansi yomwe, poti sipuleya kumbali kwathu kuno inali yawo yokha. Kapoperedwe kake kanali ka aliyense: kabudula, chifuwa pamtunda chifukwa cha kutentha, mankhwala kuvundula ndi mkono m'ndowa. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka, ankakachotsa n'kukauzira ndi pakamwa. Akabwerako ndinkawapatsa kapu ya mkaka, poti tonse tinkati mkaka umapha poizoni. Amene anatiphunzitsa zimenezo sindikumudziwa mpaka lero.

Zinayamba ndi mutu komanso manja kunjenjemera. Kenako kukalipira ana pa zinthu zopanda pake. Kenako zii. Kwaya anasiya, chakudya ankangochitokosa.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindinachedwe kupeza yankho: mwamuna ameneyu akukhuta kwina. Munthu wake ndinamupezanso ndekha, mayi wina wogulitsa usipa pamsika, amene ankaseka nthabwala za amuna anga mpaka kugwira nthiti. Mayi wosalakwayo ndinamuyang'ana ndi diso lofiira nyengo yonse, usipa n'kumakagula wodula kwa wina.

M'mawa wina ndinamanga chitenje molimba n'kuwatsatira chapatali, mawu onena nditakonzeratu. Njira ya kumsika anaipitirira. Analowa m'munda mwathu n'kukhala pansi pa mtengo wa msangu. Ine ndinabisala kuseri kwa chulu, nyerere zikundimaliza m'miyendo, ndikudikira kuti mkaziyo atulukire. Dzuwa linakwera, sanabwere aliyense. Nditasuzumira bwino ndinaona kuti munthu akulira.

Ndinatuluka, ukali wonse utathera pachulu pomwepo.

"Abambo, mukudikira ndani?"

"Palibe, amayi. Ndatopa. Chandilowa m'mutu sindikuchidziwa. Nthawi zina ndimaganiza kuti bola nditangochoka padziko pano."

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Mabotolo a mankhwala aja tinkasunga kunsi kwa bedi lathu.

Tsiku lomwelo ndinawakweza pakaliyala, ine n'kupalasa njinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Anthu m'njira ankaseka kuona mwamuna wamkulu akunyamulidwa ndi mkazi, ine osawalabadira. Adokotala ake anali mayi wodekha. Atamva zonse anafunsa ntchito imene abambo amagwira, ndipo titafika pa nkhani youzira kamlomo anaika cholembera pansi. Anatiuza kuti mankhwalawo amalowa pakhungu ndi pakamwa, ndipo akachuluka m'thupi amatha kusokoneza ngakhale maganizo. Sanalumbire kuti ndi okhawo ayambitsa, koma anati kupopera kuime, mabotolo achoke m'nyumba, ndipo abambo azibwera kudzacheza nawo. Nditatchula za mkaka anamwetulira.

"Mkaka apatseni, mayi, ndi chakudya chabwino. Koma poizoni sauopa."

Mabotolo ndinakawasiya kwa mlongo wanga, m'bokosi la loko. Kuchira kunabwera pang'onopang'ono, masiku ena bwino, ena ayi. Thonje chaka chimenecho tinakolola lochepa, ndipo sindinadandaule nalo.

Mvula itagwanso, mbozi zinabwerera. Tinakangana, ine ndikuti thonje tisiye, iwo akuti ana adya chiyani. Tinagwirizana kuti azipopera munda wathu wokha, m'mawa kusanatenthe, atavala. Ndinawagulira jekete lamvula pakaunjika, lalitali mpaka m'mawondo, majombo, magolovesi ndi chotseka pamphuno. Tsiku loyamba anatuluka m'nyumba ngati thumba la chimanga lamera miyendo. Anansi anatuluka kudzaonerera, ena akufunsa ngati mvula ikugwa kwathu kokha. Amuna anga anaika sipuleya pansi n'kuwavinira pang'ono, majombo akulira. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi, chimwemwe chitandidzaza.

"Sekani, abale anga," anatero atatsitsa chapamphuno chija. "Ine chaka chatha ndinatsala pang'ono kukusiyirani ana awa."

Kuseka kunachepa, anthu n'kubalalika mmodzimmodzi. Ndikusesa pabwalo, mkazi wa mnansi wathu anabwerera yekha. Anaima pafupi, akupotokola nsonga ya chitenje, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Anzanga, kuchipatala kuja mungandiperekeze mawa? Bambo a kwathu nawo asiya kulankhula."