Lamba wa Injini Sasokedwa

Mayi aja aliyense mumsewumo ankangowatchula kuti Atelala. Anayamba kusoka ali mtsikana, pa makina opalasa ndi mwendo amene anawasiyira azakhali awo, ndipo makinawo ndi omwewo mpaka lero, pakhonde, pafupi ndi windo la kuchipinda. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Kasitomala akabwera ndi nsalu n'kuyamba kufotokoza za diresi imene anaiona ku ukwati, iwo ankangomuzunguliza tepi m'chiuno, n'kulemba manambala ndi choko pakhoma, n'kunena kuti, "Lachinayi." Ndipo Lachinayi lake linkakhaladi Lachinayi, chinthu chimene atelala ambiri chimawakanika.

Za lamba ankazidziwa bwino. Lamba wa makina awo ndi kachingwe kachikopa, ndipo chikopa chimatamuka. Akamva kuti mwendo ukupalasa koma singano ikuchita ulesi, ankavula lambayo, n'kudulako kachidutswa, n'kuboola ndi msomali, n'kulumikiza ndi kawaya. Madzi a tiyi asanawire makina ankakhala atayambiranso. Anachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu, osaitanapo munthu.

Amuna awo anali dalaivala wa kampani ina yonyamula katundu. Atapuma pantchito anagula galimoto yakale yoyera, n'kuimangira kashedi ka malata kutsogolo kwa khonde. Nsanje imene anali nayo pa galimotoyo, abale inu, sanaichitepo pa mkazi. Makaniko sanaikhudzepo. Loweruka lililonse boneti inkakhala yotsegula, iwo mutu uli m'kati, masipanala atandandalika pa thumba. Atelala anangololedwa kusoka makavala a mipando, koma povalika anavalika okha bambowo, ati mayi angathyole chinachake.

Kenako inabwera sitiroko. Inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu onse. Nzeru zokha inawasiyira, ndipo mwina apo mpamene inachita nkhanza kwambiri. M'mawa uliwonse Atelala ankawasambitsa, n'kuwakhazika pampando wa pakhonde, ndodo ili kudzanja lamanzere, maso ali pa galimoto. Lachiwiri lililonse mwana wawo wamkazi ankabwera kudzawatenga pa galimoto yomweyo kupita nawo kuchipatala kokaongola ziwalo. Tsiku limeneli ndi lokhalo limene bambowo ankadya n'kumaliza mbale.

Patapita chaka galimotoyo inayamba kulira. Ukangoiliza, tswiii, ngati mwana wa nkhumba wogwidwa mwendo. Kenako kagetsi kofiira kanayamba kuyaka kutsogolo kwa chiwongolero, batire n'kumatha lokha. Mwana uja anaopa kufera panjira ndi wodwala, anayamba kubwera ndi takisi. Bambowo mu takisi ankalowa, koma nkhope ili kumbali.

Ndiye kunabwera alamu, mng'ono wawo wa bambowo, munthu wamalonda, wolankhula ngati nthawi zonse pali galimoto imene ikumudikira panja. Anabwera ndi makaniko wawo, amene anangoliza injini kamodzi, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti yatha. Alamuwo anaima pakhonde, msana atalozetsa kwa akulu awo.

"Alamu, chitsulo chikakhala chimaola. Ndiitenge ine, ndikaone chochita nayo. Pano palibenso woisamala."

"Eni aketu ali pomwepa," anatero Atelala.

"Aaa, alamu, tisavutane. Awa ayankha chiyani? Lamulungu ndibwera ndi chingwe, tidzaikoke."

Sikuti anali munthu woipa. Mankhwala ankagula ndi iwo, ndipo sanadandaulepo. Kungoti chiwagwereni matenda akulu awo, ankalankhula za iwo ngati mmene anthu amalankhulira za nyumba yodontha, ali m'nyumba momwemo. Atachoka, Atelala anayang'ana amuna awo. Anadziwa kuti galimotoyo ikakokedwa Lamulungu, pakhondepo padzatsala munthu wongoyang'ana shedi yopanda kanthu, ndipo sadzachedwa.

Lachinayi m'mawa anapereka madiresi a eni ake, n'kuphimba makina, n'kupita kukatsegula boneti koyamba m'moyo wawo. Za injini sankadziwa kanthu. Koma kulira kuja anali atakumvetsera masabata angapo, ndipo khutu lawo linkawauza kuti ameneyo ndi lamba amene akuterereka. Anawapezadi malamba awiri akuda kutsogolo kwa injini, wina kunja, wina m'kati, atazungulira timawilo tachitsulo. Wam'katiyo anali wong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, ndipo atamudina analowa pafupifupi chala chonse.

"Hoo, ndi zomwezi?" anatero okha. "Ndiye injini yathayo imeneyi?"

Anatenga sizasi yaikulu yodulira jinzi. Kumbuyo kwawo ndodo inayamba kugogoda pasimenti, go go go. Sanacheuke n'komwe.

"Ndikudziwa, bambo, simufuna ndiikhudze. Koma lero mundikhululukira."

Go go go go.

"Gogodani. Mukatopa muleka."

Anadula lambayo movutikira, chifukwa m'kati mwake muli timaulusi tolimba, n'kuchotsako kachidutswa kotalika ngati chala. Anaboola uku ndi uku ndi msomali wowotcha pamoto, n'kulumikiza ndi waya, n'kupota bwinobwino, mfundo yake yaukhondo yoti telala mnzawo akanaiyamikira. Anyamata a pa shopu yapafupi anathandiza kukankha, injini inalira. Sinathe ngakhale mpweya utatu. Kunamveka phwaa, lamba uja n'kumenya boneti, n'kugwera pansi ngati njoka yophedwa.

Pakhonde ndodo inali italeka. Bambowo ankangowayang'ana, osakwiya, osaseka, monga mmene ankayang'anira madalaivala achinyamata akalowetsa galimoto mu ngalande. Apa mpamene Atelala anazindikira kuti kugogoda kuja sikunali nsanje. Munthu ankawauza kuti asadule. Manyazi anawagwira kwambiri, chifukwa zomwe iwo anadzudzulira alamu aja, zosafunsa eni ake, anali atazichita okha. Safunsa anadya phula.

Anakoka kampando n'kukhala patsogolo pawo. "Chabwino. Ndiuzeni. Ndigule wina?"

Ndodo inagunda kamodzi. Kenako bambowo anaitsamiritsa pabondo, n'kutukula zala ziwiri.

"Onse awiri?"

Kamodzinso.

Lachisanu anakwera minibasi kupita ku shopu ya masipeya. Telala sataya chidutswa, choncho m'chikwama munali lamba woduka uja pamodzi ndi kachidutswa kake. Anaziyala pa kauntala, n'kutulutsa tepi, n'kuyeza, n'kuphatikiza. Wogulitsayo, bambo wa magalasi okhuthala, ataona waya uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, wasoka uyu ndani?"

"Ine."

"Mwasoka bwino. Koma uyu sasokedwa, ndiponso sitiyeza ndi tepi, watamuka kale ameneyu." Anapukuta msana wa lambayo ndi malovu mpaka manambala ofufutika anaoneka. "Mnzake ali kuti?"

"Akadali pa galimoto."

"Galimoto yanji?"

Anamuuza mtundu wake ndi chaka, poti zimenezo anazimva pa tebulo zaka zambiri mpaka kuziloweza osafuna. Anabwerako ndi malamba awiri m'makatoni ake.

Loweruka anayamba ndi kusamutsa mpando. Anawagwira amuna awo m'khwapa, pang'onopang'ono kutsika masitepe awiri a khonde, n'kuwakhazika pambali pa galimoto pomwe akanatha kuona m'kati. Anayala thumba, n'kundandalika masipanala. Ntchito inayenda chonchi: nsonga ya ndodo ikaloza, iwo agwire pamenepo. Akatenga sipanala yolakwika, ndodo igunde kawiri.

Inayamba yaloza lamba wakunja, wa pampu yofewetsa chiwongolero, poti wam'kati sangalowe mnzakeyo ali panjira. Anamasula mabawuti a pampuyo, n'kuikankhira m'kati, lamba n'kuvuka yekha osafuna sizasi. Atelala anangoti, "Ha!" Kenako alitaneta, chija chimatchaja batire. Ili ndi bawuti ya pamwamba imene imayenda mu kanjira, ndi ina ya pansi yobisika, yofuna kuti munthu alowetse mkono mpaka m'phewa. Ya pansiyo inakana. Anakoka, anatukwana pang'ono, sipanala inaterereka n'kuwasupula pa chala. Ndodo inaloza paipi yachitsulo imene inali pakona pa shedi. Anailowetsa ku mchira wa sipanala, n'kukoka kamodzi, bawuti inalira n'kugonja.

"Zaka zonsezi ndinkayesa muli ndi mphamvu," anatero, "kani ndi paipi."

Mbali yamoyo ya pakamwa pa bambowo inakwera pang'ono.

Lamba watsopano wam'kati analowa m'timipata ta mawilo atatu. Tsono pokunga mpamene panali nkhani. Dzanja la Atelala linazolowera lamba wa makina, amene amafuna kumusiyira mpata kuti mwendo usatope. Anakankha alitaneta ndi mpini wa tsache, n'kumanga, n'kudina, n'kuona kuti zili bwino. Ndodo inagunda kawiri. Anawonjezera. Kawirinso. Anakoka ndi mtima wapachala mpaka lamba anauma gwa. Kawirinso.

"Nanga mukufuna chiyani, bambo? Uku ayi, uku ayi!"

Bambowo anagwetsa ndodo pansi, n'kutambasula dzanja. Atelala anawaimiritsa, n'kuwatsamiritsa pa galimoto, atawagwira lamba wa thalauza kumbuyo. Dzanja lamanzere lija linatsika m'injini mosafufuza, n'kupeza pakati pa mawilo awiri, chala chachikulu n'kudina. Linakodola kuti masulani pang'ono. Anamasula ndi dzanja limodzi. Linadinanso, n'kukodolanso. Kachitatu linangokhala pomwepo, kenako linagwira chala cha Atelala n'kuchiika pa lambayo, n'kuchidinikiza. Lamba analowa pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chala chimodzi, n'kukana.

"Ndamva," anatero Atelala.

Wachiwiri anakunga okha, ndipo chala cha bambowo chinavomera ulendo woyamba. Madzulo mwana wawo anabwera ndi batire lotchajitsa. Injini inalira bwinobwino, kagetsi kofiira kanazima, tswii uja osamvekanso. Posamba m'manja bambowo anakaniza dzanja lawo, ndipo girisi anagona nayo.

Lamulungu alamu anafika ndi lole yaing'ono, chingwe chili kumbuyo. Anapeza boneti yotsegula, injini ikuyenda, akulu awo ali pampando pambali pake, Atelala ali pa makina pakhonde akupinda siketi ya yunifolomu. Anazungulira galimoto, anamvetsera, anasuzumira. Kenako anazimitsa injini, n'kudina lamba wam'kati ndi chala.

"Alamu, mwayesetsa. Koma mwakunga kwambiri uyu, aononga alitaneta. Ndipatseni sipanala ndibwezeko."

Anawerama kuti atole sipanala pa thumba. Ndodo inatsika pa mkono wawo, thi, osati mwamasewera.

Alamu anadzuka atagwira mkono, n'kutembenuka. "Achimwene! Ndikunena zoona, wakungika uyu!"

Ndodo inagunda pansi kawiri.

"Inu simunasinthe ayi. Lamba watsopano samufinya chonchi!"

Bambowo anatukula dzanja lawo lakuda lija, n'kuonetsa mpata pakati pa zala ziwiri, kenako n'kutambasula zalazo pang'ono.

"Eya, atamuka, ndikudziwa kuti atamuka, koma osati lero! Munachitanso zomwezi pa lole ya malume ija, mwaiwala? Ndani anakankha?"

Kawiri, mwamphamvu.

"Munakunga ndinu! Ine ndinanena!"

Pakhonde makina anali ataima. Atelala anakhala ndi siketi ili pansi pa singano, akumvetsera amuna awiri akukangana, wina ndi pakamwa, wina ndi ndodo, mitsempha ya m'khosi ili njo onse awiri. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene munthu anakanganapo ndi amuna awo. Panali patatha chaka ndi miyezi iwiri. Aliyense ankangowasisita paphewa, n'kuwafunsa ngati adya, funso lake kulozetsa kwa Atelala. Chisoni ndi chimwemwe zinawagwira pamodzi, ndipo anapukuta m'maso ndi yunifolomu ya mwana wa eni ake.

Alamu ndi amene anayamba kutopa. Anaponya sipanala pa thumba, n'kuwerama mpaka nkhope yawo inayang'anizana ndi ya akulu awo.

"Chabwino, achimwene. Galimoto ndi yanu. Koma ikakuferani panjira musandiitane ine."