Waya Wopita kwa Wometa

Migodi itagulitsidwa, amuna anga anali m'gulu loyamba louzidwa kuti ntchito yatha. Zaka zonse zija anali a zamagetsi pamgodi ku Kitwe, munthu woti akamadutsa ndi chipewa chawo choyera anyamata ankapatuka. Nyumba ya ku Nkana West tinaigulitsa n'kusamukira ku Kawama, ku Ndola, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kopanda ndi waya womwe. Ine ndinayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika. Iwo anangolowa mumpanda, basi, osatulukanso.

Sindikunama, miyezi inatha osaponda pamsewu. Ndi ku Misa komwe anasiya. Ndikati tiyeni, ankati mwendo. Mwendo wake uti! Anali manyazi, kuopa kuti wina awazindikira n'kunena kuti taonani abwana a ku Nkana West akutunga madzi pachitsime. Pakamwa ndinkakalipa, koma mumtima ndinali ndi mantha. Anzawo awiri amene anachotsedwa nawo limodzi tinali titawaika kale m'manda, osadwala matenda ooneka, kungofota ali pampando.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza chipaipi chachitali chitaimikidwa kuseri kwa nyumba. Pamwamba pake anamangirirapo mota yakale ndi mapiko atatu odula ku paipi ya pulasitiki. Waya unatsika mpaka ku mabatire awiri pansi pa bedi.

“Inu bambo, ichinso n'chiyani?”

“Magetsi a mphepo, amayi. Dikirani Ogasiti.”

Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Koma Julaye asanathe babu inayaka m'nyumba mwathu, wailesi n'kuyamba kulankhula, ine kukamwa yasa.

Kenako inafika mphepo ya Ogasiti yeniyeni, ija yodzaza fumbi m'maso ndi m'ndiwo momwe. Mabatire ankadzaza teni koloko isanakwane, n'kuyamba kuwira, nyumba yonse kununkha ngati mazira owola. Ndinati ingozulani wayawo. Anandifotokozera kuti makina otere suwasiya opanda katundu: akasowa kotayira mphamvu amathamanga mpaka mapiko kuthyoka. Moto wotsalawo uyenera kupita kwinakwake.

Kwinakwake kwawoko kunali m'dilamu. Anachotsa chitsulo chotenthetsa cha m'ketulo yakale n'kuchiviika m'madzi. Tinasamba madzi otentha, tinachapira madzi otentha, otsala n'kumakhuthulira m'ngalande.

Tsono kuseri kwa mpanda wathu, pansi pa mtengo wa mango, panali bambo wina wachibemba amene ankameta anthu ndi sizasi ndi lumo. Makina ometera anali nawo, koma anangowapachika pamsomali poti magetsi kunalibe. Madzulo ankaweruka akuwongola zala.

Ndinapsa mtima. “Kodi inu, mukuphika madzi opanda ntchito pamene mnzanu apa zala zikutupa? Si inu munkatiuza kuti dziko likatsala ndi magetsi limatumiza kwa anzake kutsidya kwa malire? Malire anu ndi awa, mpanda wa udzu!”

Iwo anati, “Kamuuzeni ndinu.”

“Ine? Za mawaya ndizidziwira kuti? Mwendo wanu womwewo ukafike.”

Kunena zoona ndikanatha kupita, ndinkamupatsa moni tsiku ndi tsiku. Ndinakana dala. Anandikwiyira masiku atatu, ine osasuntha, madzi akutayikabe.

Tsiku lachinayi sindinapite kumsika. Ndinawaona akusita ovolosi yawo ya kumgodi, akukulunga waya paphewa. Pageti anaima nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko. Ndinkasuzumira pawindo, korona ili m'manja, ndikunena chamumtima kuti Mulungu akankheni pang'ono. Anatsegula.

“Mwaiseni mukwai!” anafuula wometa uja powalandira m'Chibemba, akupukuta mpando. Kenako anatembenukira m'Chinyanja chake chokhota: “Ife tinali kuyesa mudwala, atate. Tinafuna kubwera kukuonani, koma tinaopa.”

Za Nkana West palibe anatchula. Anthu ankangofuna kudziwa kuti chozungulira chija chimabala bwanji moto. Amuna anga anakokera wayawo pamtengo, n'kulumikiza kabokosi kosinthira mphamvu ya magetsi kamene anakonza okha. Makina ometera atalira, amene anali pamzere anawomba m'manja. Ine pawindo paja ndinalira, sindibisa.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankapita, ati kukayendera waya. Poyamba ankangosuzumira n'kubwerako. Pambuyo pake wina ankabwera ndi wailesi yakufa, wina ayironi, wina kudzafunsa ngati angamumangire chozungulira chakenso. Ankabwera kunyumba manja ali bii, akuyankhula osalekeza mpaka ine kutopa nawo.

Mu Novembala mvula itagwa, mphepo inatha. Ndinadzuka n'kupeza mapiko ali duu, osagwedezeka. Mtima unandiwawa, ndinati basi, abwereranso pampando paja. Ndili mkati motereka madzi a tiyi, ndinangoona akutuluka m'chipinda atavala ovolosi, m'manja mulibe kanthu.

“Mukupita kuti, mphepo kulibe?”

“Ndikamuuze mnzanga kuti lero magetsi kulibe.”

“Sakuona yekha? Chimakinacho chili pamutu pake!”

Anatsegula geti n'kutuluka. Anabwerako dzuwa litapendeka, chakudya chitazizira, ndipo tsiku limenelo sindinakalipe.