Tinatchenera Kamera ya Madamu

Mayi ake a mnzanga anandipempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha nkhope ya mwana wawo, choti anthu obwera pamaliro azichiona. Thupi silikanapita kwawo ku Chipata. Inali nthawi ya korona, ndipo anamuika konkuno ku Dubai, ife osaloledwa ngakhale kuyandikira.

Mnzangayo ankagwira ntchito ya m'nyumba kuseri kwa mpanda wathu m'dera la Mirdif, ine ndikulera mwana wa madamu anga. Tinkachezera kotaya zinyalala, iye ndi Chinyanja chake cha "nifuna, nifuna", ine n'kumamuseka. Zithunzi za pafoni anatumiza zambirimbiri kwawo, koma zonse zinali zija zoyeretsa khungu, mphuno kusongoka, maluwa kumutu. Mayi ake anazikana. "Uyu si mwana wanga," anatero pa uthenga wa mawu. "Nifuna nkhope yamene ninabala."

Ndinawauza kuti amama musadandaule, chithunzi chabwino chilipo. Ndinanena motsimikiza, chifukwa tsiku lojambulalo ndinalipo.

Madamu anga ali ndi chikamera cholemera ngati khanda. Pamene tonse tinatsekeredwa m'nyumba, anasowa chochita, ndiye anaganiza zothandiza anthu omwe ntchito zinawathera. Akuti adzajambula ife antchito a m'nyumba, zithunzizo akagulitsa pachionetsero, phindu lipite kwa ovutikawo. Nkhani yabwino, eti? Nanenso ndinaombera m'manja.

Malamulo atafewako, anaitana ife a mumsewu wathu. Tsono kwathu munthu sajambulitsa ali mbuu. Umasamba, kudzola, kuvala ya pa Khirisimasi, n'kukaima pafupi ndi maluwa dzanja lili m'chiuno. Ndiye tinatchena, abale! Mnzangayo tsitsi ndinamuluka ndine. Anavala diresi yachitenje yomwe ankapitira kutchalitchi, milomo ili psuu, ndolo zobwereka zikulendewera. Atalowa pageti ndinati, "Asisi, lero ndiye mukwatiwa!"

"Iwe leka nsanje," anatero. "Ichi nizatumiza kumunzi."

Madamu atationa anakwinya nkhope. Anati tivule mphete, tikasambe m'manja ndi sopo wotsukira mbale mpaka mafuta onse achoke. Mnzangayo anamubweza kumpopi, ati manja akunyezimirabe. Atauma anatuwa, ming'alu yonse ili poyera, ndipo apa mpamene madamu anakondwa. Anamupatsa chikolopa chonyowa. "Yalla, tiye, finya. Finyanso." Ife tinkangoti kaya, mwina ndi mmene amajambulira anthu ophunzira. Ine anandigwiritsa chibolodi choyera chobwezera kuwala, choncho mnzangayo ndinkamuona bwinobwino: khosi ataimika, maso ali pa kamera, akumwetulira padzuwa lija mpaka masaya kunjenjemera. Sanasiye mpaka madamu atati khalas, ndiye kuti basi.

Zithunzizo sanationetse, ankati tidikire chionetsero. Mnzanga anadwala tsikulo lisanafike. Ambulansi inamutenga m'mawa wina ine ndikusuzumira pawindo, ndipo sanabwerenso.

Nditamva pempho la mayi ake ndinapita kwa madamu kukapempha chithunzi cha mnzanga chija. Anandigwira paphewa n'kuti, "Habibi, wokondedwa wanga, chionetsero n'chamawa. Ukachiona wekha, n'chokongola, ukalira."

Ananditenga kuti ndikagwire mwana. Kunali kudera la mafakitale la Al Quoz, m'chinyumba chomwe kale ankasungiramo katundu, tsopano atachipenta choyera, panja pakudutsa malole ndi mabasi a antchito. Mkatimo anthu onunkhira ankayenda pang'onopang'ono, akunong'onezana m'masiki mwawo. Ndinazungulira makoma onse mwana ali m'manja, kufunafuna nkhope. Panalibe ndi imodzi yomwe. Manja okhaokha! Anga analiponso, atagwira botolo la mkaka. A mnzanga anali pakati penipeni, aakulu ngati chitseko, akufinya chikolopa, mng'alu uliwonse ukuoneka. Za tsitsi lija, ndolo, kumwetulira konse kuja, panalibe n'kamodzi komwe.

Pambali pa chithunzicho anali atamatapo kadontho kofiira, kusonyeza kuti chagulidwa. Bambo wina anaima pomwepo atapendeketsa mutu, akuuza mkazi wake kuti chikakhala bwino m'chipinda chawo chodyera. Malovu anadzaza m'kamwa, koma pakuti ndinali nditavala masiki, ndinangowameza.

M'galimoto pobwerera ndinafunsa. "Madamu, nanga zija za nkhope zili kuti?"

Anadabwa. "Nkhope? Sindinajambule nkhope ya aliyense. Ndinkateteza ulemu wanu."

Ulemu! Ndipo ananena monyada, ngati akudikira zikomo. Munthu mwamusukulitsa mafuta m'manja, mwamufinyitsa chikolopa atavala diresi yakutchalitchi, mwamuona akukumwetulirani osamuuza kuti asadzivutitse, basi umenewo ndiye ulemu? Bwenzi atatifunsa. Pakamwa tinali napo, ndipo tonse tikanati jambulani nkhope, n'zimene tasambira.

Titafika kunyumba ndinawafotokozera za mayi a malemu. Analira, misozi yeniyeni, koma ine sinandikhudze mpang'ono pomwe. Anatsegula kompyuta, tinafufuza limodzi zonse za tsiku lija. Manja, manja, manja. Chimodzi chokha chinali ndi kachidutswa ka diresi m'mphepete. Kenako akuti atha kusindikiza cha manjacho papepala labwino, atumize kwa banjalo kwaulere. Ndinangodzuka kukagoneka mwana, chifukwa zomwe zinali pamlomo panga zikanandichotsetsa ntchito.

Kumudzi kwawo anthu anali atasonkhana kale, akudikira chithunzi chochokera kwa ine. Ndinalibe china, ndinatumiza cha manja chomwecho, ndi mawu opepesa.

Yankho linachedwa. Litabwera, kumbuyo kunkamveka azimayi akuimba nyimbo yamaliro. Mayiwo sanakalipe, bola akanakalipa. Analankhula motsitsa, mawu atasasa.

"Naona, mwana wanga. Manja ni ake, nawaziba. Koma niuze, zaka zonse izi wasebenza kumeneko, kunalibe olo mmodzi wamene anamuyang'anako kumaso?"