Tsiku Limene Amayi Anawotcha Khola

Aneba akamawawula nkhumba kuno ku Chitawira, fungo la ubweya wopsa limandibwezera ku Naperi, nthawi ya Chitaganya.

Amalume anatibweretsera njiri imene anapha ku Chikwawa, n'kuisendera pafupi ndi khola la amayi. Pasanapite nthawi nkhumba zathu zinayamba kufiira makutu, kukana gaga, kenako kufa. Akuluakulu ankanong'onezana kuti kwalowa chigodola. Ine ndinkayesa Chigodola ndi munthu, mng'ono wake wa Chitaganya, popeza onse awiri ankatchulidwa motsitsa mawu.

Choncho mzungu wa zaziweto atatsika m'galimoto ndi womasulira wake, ndinathamanga ndikukuwa, "Amayi, a Chigodola abwera!"

Mzunguyo anatokosa m'ming'alu ya khola n'kutulutsa nkhufi yotuwa. Womasulira anati, "Abwana akuti tizilombo iti timakhala m'mauna a njiri, ndipo timasunga matenda. Khola liwotchedwe, nkhumba zotsala ziphedwe. Akutinso anthu auve ngati inu musadzawetenso."

Amayi anamangitsa chitenje m'chiuno. "Muwauze kuti za nkhufi ndamva. Za uvezo abwerere nazo kwawo. Khola ndinamanga ndine, ndiwotchanso ndine."

Analanda machesi kwa womasulira. Anayatsa kholalo okha, ndipo sanagwetse msozi mpaka galimoto itakhota.

Mvula itagwa kawiri anamanga khola lina, lamiyala, n'kukagula tiana tankhumba tiwiri ku Limbe.

Nditakula ndinazindikira kuti pa nkhufi mzungu uja ananena zoona, koma pa amayi anga anaphonya.